Dzanja la Kondakitala

Bambo anga anagwira ntchito ya ukondakitala kuyambira ali mnyamata wopanda ndevu mpaka imvi zitadzaza mutu, ndipo mpaka lero palibe amene amawatchula dzina lawo lenileni. Kutchalitchi ndi a Kondakitala, kuchipatala ndi a Kondakitala. Ngakhale malemu mayi anga akapsa mtima ankati, "Inu a Kondakitala, muno si m'basi." Ankanena zoona mayi, chifukwa ababa ankayendetsa nyumba monga ankayendetsera basi, ndi manja.

Pakamwa, iwo ankati, ndi podyera. Padepoti pamakhala phokoso la mainjini, mahutala ndi anthu otsatsa malonda, ndiye wodalira pakamwa amangosasa mawu pachabe. Akamenya kawiri m'mbali mwa basi, dalaivala ankadziwa kuti tiyeni. Akamenya kamodzi, ndiye kuti ima, pali munthu akukwera, ndipo dalaivala ngakhale wopupuluma chotani ankaponda buleki. Kunyumba zinalinso chimodzimodzi. Kumenya tebulo kamodzi kunkatiimitsa ife ana pakati pa ndewu, wina chibakera chikadali m'malere.

Koma chimene ankanyadira kwambiri chinali kukodola. Ankatambasula mkono, chikhatho chitayang'ana pansi, n'kumapinda zala zinayi pamodzi, ndipo munthu amene anali kutsidya kwa msewu, wopanda n'komwe ulendo, ankangopezeka wakhala pampando wapazenera. Amati ngakhale mayi anawapeza choncho. Mayi ankatsutsa, ankati iwo anakwera basiyo pothawa mvula, koma ababa sankaimva mbali imeneyo ya nkhani. "Dzanja ili silinabwererepo chabe," ankatero akuliyang'ana ngati ndi mwana wawo woyamba, chonsecho mwana woyamba ndine.

Ine ndinatengera iwo makani ndi mtima wapachala, manja ayi. Ndinachoka kwathu ndili mtsikana n'kubwera kudziko lino la eni ake, kumene ndimagwira ntchito yophika buledi. Ndinakwatiwa ndi mwamuna wakonkuno, wokonza zikepe za m'nyumba zosanja, munthu wamtali ndi wofatsa moti nthawi zina ndimachita kumugwedeza kuti ndione ngati akupuma. Tili ndi mwana mmodzi, wamkazi. Mayi anamwalira atangomuonera pafoni. Ali chigonere m'chipatala anauza ababa kuti, "Mukadzapita, mukandinyamulireko mwanayo, mukamve kulemera kwake." Ababa analonjeza. Mwanayo atakwanitsa zaka zinayi tinawatumizira tikiti ya ndege, kuti adzakhale nafe miyezi ingapo.

Ndinawapempha pafoni kuti aphunzireko mawu ochepa a chinenero cha kuno, ngakhale moni wokha. Anandiseka.

"Iwe, ndanyamula anthu a mitundu yonse ine. Osamva, osalankhula, oledzera, ena ochokera kumayiko oti sungawatchule n'komwe. Unamvapo kuti wina ndinamupitiriza pa siteji yake? Manja ndi amodzi dziko lonse."

"Ababa, kuno n'kwina."

"Ali ndi zala zingati anthu akumeneko?"

"Zisanu."

"Basitu."

Pabwalo la ndege anamupatsa moni mkamwini wawo, kenako dzanja lija sanalitayenso. Anayenda naye chigwirire kuchokera polandirira katundu mpaka poimika magalimoto, akugwedeza mkono uku akumufotokozera m'Chichewa mmene ulendo unayendera. Kwathu ndi mmene mwamuna amasonyezera mnzake kuti wamulandira ndi mtima wonse. Kuno mwamuna wanga anali asanayendepo atagwirana manja ndi munthu wamkulu chisiyireni sukulu yamkaka. Anafiira mpaka m'makutu, akundiyang'ana mopempha thandizo, koma dzanja sanalisolole. Tsiku limenelo ndinamukonda kuposa tsiku la ukwati wathu.

Mwana ndiye anabisala kumbuyo kwa siketi yanga. Ababa anamusuzumira uku ndi uku, n'kunena kuti, "Aka ndi ka hafutikiti aka, kolipira theka." Dzina linakhala lomwelo, Hafutikiti. Anafuna kumunyamula pomwepo, koma mwanayo anakakamira mwendo wanga ndi manja onse awiri.

"Musiyeni ayambe wakuzolowerani," ndinatero.

"Mwana sakakamizidwa," anavomereza. "Adzabwera yekha. Ndidzangomukodola."

Masabata oyambirira ababa anali nthabwala zokhazokha. Chinawapweteka choyamba n'chakuti mabasi akuno alibe kondakitala. Anayang'ana khomo likutseguka lokha, n'kupukusa mutu ngati aona nyumba ya masiye. Tsiku loyamba kukwera nawo, titayandikira potsikira, anamenya m'mbali mwa basi ndi chikhatho chonse, kamodzi, phaa! Anthu anadzidzimuka, mayi wina anakumbatira chikwama chake, dalaivala anatiyang'ana pagalasi. Basi inaimadi, chifukwa ine ndinali nditadina kale kabatani koimitsira.

"Waona?" anatero tikutsika. "Wamva ameneyu. Ndi dalaivala wophunzitsidwa bwino."

Za kabatani sindinawauze. Munthu sumulanda zonse tsiku limodzi.

Kugolosale yapakona anapita okha kukagula mazira. Mayi wogulitsa anawaonetsa jumbo, kufunsa ngati akuifuna. Ababa anakweza nsidze, kutanthauza kuti inde. Mayiyo anafunsanso. Ababa anakweza nsidze kwambiri, mpaka zinalowa m'chipewa. Mayiyo anangobweza jumbo ija pansi pa tebulo. Anafika kunyumba mazira ali m'chipewa, mutu uli pamtunda kunja kukuzizira, akudandaula kuti anthu akuno ali ndi maso koma sapenya. Tsiku lina mkamwini wawo ankafunafuna makiyi a galimoto, ababa n'kumamulozera ndi milomo pamwamba pa filiji pamene panali makiyiwo. Analoza, n'kulozanso, milomo itatalika. Mwamuna wanga anawayang'anitsitsa mwachifundo, ndipo madzulo ake anawabweretsera kabotolo ka mafuta opaka milomo ikamang'aluka.

Zonsezi ababa ankaziseka okha. Pa chakudya chamadzulo ankazifotokozanso ataimirira, akusewera mbali zonse, ya iwo, ya mayi wa jumbo, ya dalaivala, ndipo mwamuna wanga ankaseka mpaka kutsamwa asakumva liwu ndi limodzi lomwe. Ine mumtima ndinkati mwina ankanena zoona, manja ndi amodzi.

Kenako nthabwala zija zinayamba kuchepa. Ndinkabwera kuntchito masana n'kuwapeza pampando wapazenera ali ndwii, tiyi atazizira m'kapu. Ndinkaganiza kuti ndi nyengo, kapena akumbuka mayi. Lamlungu lina masana ndikusita zovala, anandiyandikira n'kukhala pamkono wa sofa, chipewa chili pabondo.

"Tikiti yanga ija uisinthe. Ndibwerere."

"Mwatani, ababa? Mwadwala?"

"Sindikudwala. Mwana wako sandifuna."

Ndinaimika simbi. Iwo anapitiriza, akulankhula ndi chipewa chawo.

"Ndikamukodola, amandiyang'ana, n'kugwetsa nkhope, n'kutembenuka, ulendo kuchipinda. Chifikireni changa ndi zomwezo. Izo ndikanapirira, mwana ndi mwana. Koma tsopano wayamba kundipusitsa. M'mawa uliwonse akamapita kusukulu amaima pakhomo n'kumandikodola. Ine mtima kuti myaa, ndikuti lero wandifuna. Ndivale nsapato, nditenge jekete, ndikafike pakhomo, chikepe chatsekeka. Nditsike masitepe ndi mawondo angawa, iye ndi bambo ake ali kale m'galimoto. Ndiwakodole kuti dikirani, bambo akenso ayamba kundikodola pazenera, akumwetulira, galimoto ikupita. Tsiku ndi tsiku. Ndine chidole ine?"

Zam'mawazo ndinali ndisanazionepo, poti ophika buledi timachoka m'nyumba anthu akadali m'tulo. Koma mwana wanga ndimamudziwa. Makani ali nawo, nkhanza alibe. Ndinapita kuchipinda kwake, n'kumupeza akuveka chidole sokosi kumutu, ndipo ndinamufunsa m'chinenero chake chifukwa chimene amathawira agogo.

"Sindiwathawa," anatero. "Iwo ndi amene sandifuna. Ndikangolowa amandibayibitsa."

"Amakubayibitsa?"

"Eya. Ndinawajambulira basi, ndimati ndiwapatse, koma ndisanafike n'komwe anandibayibitsa." Anasolola pepala pansi pa pilo. Panali basi yofiira ya matayala ambirimbiri, ndi munthu wa chipewa ataima pakhomo pake. Pepalalo linali litakwinyika chifukwa chogonedwa.

"Tandionetsa mmene amachitira."

Anatambasula kamkono, chikhatho chitayang'ana pansi, n'kumapinda tizala tinayi pamodzi. Linali dzanja la kondakitala lenileni, losasiyana pena paliponse. Kuno ndi mmene ana aang'ono amatsanzikira, ndipo akuluakulu amawayankhanso chimodzimodzi. Ine ndemwe ndakhala ndikuchita zomwezo pageti la sukulu yamkaka. Ndiye kuti nkhalamba inkati bwera, mwana n'kumamva kuti pita. Mwana ankati tsalani bwino, nkhalamba n'kumathamangira nsapato.

Ndinaseka. Ndinaseka mpaka ndinakhala pansi, misozi ili mbwembwembwe, mwana akundidabwa. Ababa anamva kuseka kuja ali pabalaza, ndipo pamene ndinkatuluka ndinawapeza atavala chipewa m'nyumba, chizindikiro chakuti zinthu zaipa. Ndinawafotokozera zonse bwinobwino, n'kuwaonetsa pepala la basi lija. Analigwira ndi manja awiri.

"Ndiye kuti ndakhala ndikumuthamangitsa ndine," anatero motsitsa mawu.

"Simunadziwe."

"Nanga iwo akafuna kuitana munthu amatani?"

Ndinawaonetsa. Ndinatembenuza chikhatho kuti chiyang'ane kumwamba, n'kumapinda chala chimodzi, chamkombaphala. Ndisanapinde kachitatu ababa anali ataimirira.

"Tsitsa dzanja limenelo! Ukuitana ndani choncho? Ine?"

"Ndikungokuonetsani."

"Amaitana galu choncho! Ine ndinatsitsapo munthu m'basi pakati pa njira, mvula ikugwa, atavala suti yake, chifukwa chondikodola ndi chala chimenecho."

"Kuno si chipongwe, ababa. Aliyense amatero."

"Aliyense atero, ine ayi. Mwana wa mwana wanga, magazi anga, ndimuitane ngati galu? Mayi ako ndikawauza chiyani?"

Apa m'pamene mtima wapachala uja unandifika. "Mayi anakutumani kudzamunyamula mwanayu, osati kudzakhala pazenera n'kumaziziritsa tiyi!"

Mawuwo anawalasa, ndinaona. Koma ababa akalasidwa ndi pamene amalimba.

"Muphunzitse iyeyo dzanja la kwawo."

Ndinayesa pomwepo, iwo akuona. Ndinamuitana Hafutikiti, n'kumuuza kuti agogo akatere ndiye kuti akuti bwera. Anandiyang'ana ngati ndamuuza kuti mphaka amauwa.

"Ayi, amama. Uku n'kubayibitsa. Aphunzitsi anatero."

Kwa mwana wa zaka zinayi, aphunzitsi akanena ndiye kuti nkhani yatha. Ndinaima pakati pa anthu awiri amakani, wina wa imvi, wina wa mano a mkaka, onse milomo atailumikiza mofanana. Wachitatu wamakani ndinali ine.

"Sintha tikiti," anatero ababa.

Ndinatenga foni n'kusinthadi tikitiyo, iwo akuyang'ana, ndikudina mwamphamvu kuti amve. "Ndasintha. Loweruka likubwerali."

"Wachita bwino."

Palibe mwa ife amene ankafuna zimenezo, koma palibenso amene akanayamba kubweza mawu.

Madzulo ndinamumasulira mwamuna wanga nkhani yonse. Anagwira mutu ndi manja awiri. "Ndiye kuti m'mawa uliwonse ndimawaitana apongozi anga, akafika ine n'kuthawa ndi galimoto?" Ndinati eya. Kuyambira tsiku limenelo analanda ntchito yosambitsa mwana, ndipo ankakhalitsa kubafako. Podutsa pakhomo ndinkamva madzi akukhavuka, mwana akuseka, ndi mawu a mwamuna wanga akupotoza Chichewa chake chochepacho, "Bwera. Bwera." Ndinkati akusewera ndi tiabakha tapulasitiki, ndipo mutu wanga unali ndi zina zoganiza.

Ine ndi ababa tinasiya kulankhulana mwachindunji. Iwo akafuna kundiuza kanthu ankauza ketulo, ine n'kumayankha filiji. Koma pampando wapazenera paja anachokapo. Masana aliwonse ankavala jekete n'kutsikira kubwalo losewerera ana lomwe lili kuseri kwa nyumba yathu, n'kukakhala pabenchi pafupi ndi akatungwe. Ndinkawaonera pazenera la kukhitchini. Ankakhala mmene ndinkawapezera padepoti ndili mwana ndikawapititsira chakudya: thupi litaweramira kutsogolo, zigongono pamawondo, maso akuyenda pang'onopang'ono. Padepoti ankadziwa munthu asanafike n'komwe, kuti uyu akwera, uyu akungoperekeza, uyu asanza panjira ndiye akhale pazenera. Ankati munthu amanama ndi pakamwa, koma mapewa ndi manja ake sadziwa kunama. Tsopano ankawerenga anthu akuno, ngati mwana amene wabwerera kalasi yoyamba.

"Agalu akuno," anauza ketulo tsiku lina, "sawaitana ndi chala. Amawamenyera pantchafu n'kuwatchula mayina ngati anthu. Wina ndamuona atavala juzi."

"Kuno agalu amalemekezeka," ndinayankha filiji.

Mawa lake anabweranso ndi ina. "Pali agogo ena aakazi, oyendera ndodo. Amabwera ndi kadzukulu kawo. Nthawi yopita ikakwana amakaitana ndi chala chija." Anathira shuga m'tiyi n'kutakasa kwa nthawi yaitali. "Kamwanako kamathamanga kakuseka, n'kukawagwera m'miyendo."

Anamwako tiyi uja n'kupitiriza.

"Nkhope yawo si ya munthu woitana galu."

"Ndiye?" ndinaiwala filiji n'kuwafunsa iwo.

"Ndiye palibe. Ndikungonena."

Lachinayi ndikutuluka kukataya zinyalala, chikepe chinatseguka pakhomo pathu, ababa ali m'katimo okha. M'chikepe chathu muli galasi lalikulu. Anali ataliyang'ana, mkono uli m'mwamba, chikhatho chitayang'ana kudenga, chala chamkombaphala chili chiimire ngati chakana kupindika. Atandiona pagalasipo, anapititsa chalacho kuchibwano mwamsanga n'kuyamba kukanda.

"Ndevu zikuyabwa," anatero. "Ndi madzi akuno."

Ulendo uno sindinaseke. Iwo atatuluka, ndinaluma mlomo n'kulowa ndi zinyalala zanga, chikepe chitatsekeka ndinapeza kuti ndikulira. Ndinawamvera chisoni bambo anga. Munthu amene moyo wake wonse ankadzidalira pa chinthu chimodzi, anali kubisala m'chikepe kuti aphunzire kuchichita mwa njira imene kwa iye ndi yotukwana.

Komabe sutikesi anailongedza. Anaiimika pafupi ndi khomo, jekete lapaulendo lili pamwamba pake, ndipo pepala la basi yofiira analiika m'thumba la malaya. Hafutikiti ankaizungulira sutikesiyo patali. Pomugoneka anandifunsa kuti, "Agogo akupita chifukwa cha ine?" Ndinamuuza kuti ayi, koma nkhope yake inaonetsa kuti sanandikhulupirire.

Lachisanu masana, tsiku lomaliza, ndinamutenga mwana kusukulu n'kudzera naye kubwalo losewerera lija. Ababa anali pabenchi yawo. Ndinakhala kumapeto kwa benchiyo, pakati pathu patatsala malo a anthu awiri. Hafutikiti anathamangira kumchenga, kutsidya kwa bwalo, n'kuyamba kudzaza kandowa kake. Posakhalitsa mwamuna wanga anatulukira akuchokera kuntchito, chikwama cha zipangizo chili paphewa, n'kuima kumbuyo kwathu.

Kenako ababa anavula chipewa n'kundipatsira.

"Tandigwirira."

Anaimirira, n'kukonza kolala ya jekete. Anaimba kalikhweru kakafupi, ka padepoti, ndipo mwana anadzutsa mutu. Mkono unakwera. Mwa chizolowezi unakwera chikhatho chitayang'ana pansi, ndipo ndinaona nkhope ya mwana wanga ikuyamba kugwa. Ababa anaionanso. Anatembenuza dzanja lija pang'onopang'ono. Chala chinapindika kamodzi, movutikira, n'kupindikanso. Manyazi anawagwira moti anayang'ana kumbali, kumitengo, ndiye sanaone pamene mwana anaponya kandowa pansi.

Mwanayo anathamanga bwalo lonse, mchenga ukuwazika, n'kudzawagunda m'mawondo mpaka anadzandira. Ababa anawerama kuti amunyamule, koma iye anali ndi ntchito ina kaye. Anagwira dzanja lawo lija ndi timanja take tiwiri ta mchenga, n'kulitembenuza kuti chikhatho chiyang'ane pansi. Kenako anasonkhanitsa zala zinayi zija n'kuzipinda pamodzi, akulankhula mwaukali ngati mphunzitsi.

"Akuti chiyani?" ababa anandifunsa.

"Akuti mwalakwitsa. Akuti dzanja la agogo silitero, limatere. Adadi ake anamuuza."

Ndinacheukira mwamuna wanga. Anali atatsegula chikwama chake cha zipangizo, akufunafuna mwakhama chinthu chimene munalibe, makutu ali psuu.

Hafutikiti anabwerera m'mbuyo pang'ono. Anatambasula kamkono kake, chikhatho pansi, n'kupinda tizala tinayi.

"Bwera, agogo," anatero m'Chichewa cha bambo ake chopotokacho.

Ababa anaima kaye, ngati munthu amene wapusitsidwa kambiri. Panalibe chikepe chotsekeka, panalibe galimoto. Mwana anali chiimire pomwepo, akudikira, tizala tikupindikabe. Ababa anapita, n'kumunyamula.

Anamukweza m'mwamba, n'kumutsitsa, n'kumukwezanso, mmene ankayesera katundu asanamuponye pakaliyala pamwamba pa basi. Mwana ankaseka akuwagwira imvi. Iwo sankaseka. Anamukhazika pachifuwa, n'kulankhula motsitsa, osati kwa ine, osatinso kwa mwanayo.

"Ndamunyamula, mayi a ana. Ndi wolemera ndithu."

Ine misozi inali itandithera manyazi, ndipo ndikalira ndimapsanso mtima. "Ndege yanu ndi mawa m'mawa," ndinatero ndikupukuta m'maso ndi chipewa chawo. "Sutikesi ili pakhomo. Munati ndachita bwino."

Sanandiyankhe ndi pakamwa. Anabwerera pabenchi n'kukhala pansi, mdzukulu ali pamwendo akusanthula m'thumba la malaya momwe munali basi yake yofiira. Kenako anatambasula dzanja n'kumenya thabwa la benchi ndi chikhatho, kamodzi.

Ine ndine mwana wa kondakitala, sindinafunse kawiri. Ndinatulutsa foni n'kuyamba kusinthanso tikiti ija.